Chinjoka Chinandisiyira Zipsera Ziwiri

1

Mukadzandiona ndavala siketi yofika m'mapazi dzuwa likuswa mtengo, musadzati ndi ulemu wa mayi wopemphera. Ndimabisa zipsera ziwiri zoyandikana pamsongolo. Aliyense wondifunsa ndakhala ndikumuuza kuti ndinapsa ndi ayironi. Bodza limenelo landitopetsa, ndiye khalani pansi ndikuuzeni zoona.

Ine ndine telala. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi, muli makina awiri, galasi long'aluka pakona ndi thumba la zidutswa za nsalu kuseri kwa chitseko. Amuna anga ndi makaniko, ndipo galaja yawo ili kumapeto kwa msewu womwewo. Anthu amangowatcha Amisiri. Kale ankakonza mabuleki ndi kuwotcherera maekizozi obooka, mpaka inabwera misala ya anyamata yofuna kuti galimoto zawo zizilavula moto kumbuyo.

Za injini sindinaphunzire, koma ukakwatiwa ndi makaniko khutu limatola. Amaboola ekizozi chakumapeto, n'kumangapo pulagi, n'kukoka waya mpaka pa batani la pafupi ndi chiwongolero. Woyendetsa akaponda mafuta n'kudina batanilo, petulo wosapsa amathamangira kumbuyo, pulagi ija n'kumuyatsa. Mumangomva phuu! lawi latuluka, ana a mumsewu n'kuyamba kukuwa ndi kuthamangira galimotoyo.

Anyamata ambiri amadzipangira okha kuseri kwa nyumba ataonera pa foni, ndipo ambiri asungunula mabampa awo. Amuna anga ankawaseka. Iwo pa galimoto iliyonse ankadula chitsulo chopyapyala n'kuchimanga pakati pa ekizozi ndi bampa, kuti moto usanyambite pulasitiki kapena kutenthetsa thanki ya petulo. Ankachitcha chishango.

"Galimoto yopanda chishango situluka pageti panga," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Ndikhoza kuiwala tsiku lobadwa la mayi akunyumbawa, koma chishango ayi."

Ndipo tsiku langa lobadwa ankaiwaladi.

Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Ali wamng'ono ankakhalira kugalaja, kupatsira bambo ake zitsulo, mpaka anamupatsa dzina loti Kasipanala. Anamuphunzitsanso lamulo lawo loyamba: usanalize galimoto, gwada kaye uone pansi pake. Koma atamaliza sekondale n'kupempha kuti aphunzire ntchitoyo, bambo ake anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wawo sadzadya ndi manja a oyilo ngati iwo. Anamutumiza kukoleji kukaphunzira za maakaunti, n'kumuletsa kupondanso pagalaja.

Amuna anga ndi munthu wabwino, koma mtima wawo ndi wapachala. Mnyamata wina amene anangomuimbira likhweru Kasipanala anathamangitsidwa ndi chitsulo chomasulira matayala mpaka anasiya nsapato pamsewu. Ntchito yanga yaikulu m'banjamo sinali kusoka ayi. Inali kuonetsetsa kuti bambo ndi mwana wake asagundane, kuti kabanja kathu ka anthu atatu kasapasuke.

2

Pa galimoto zonse zimene amuna anga anaika moto, yotchuka inali Chinjoka. Inali yobiriwira, yotsika pansi, ya mawindo akuda bii, ndipo kumbuyo inali ndi mapaipi awiri oyandikana. M'tauni monse inali yokhayo yolavula moto pawiri. Mwini wake anali mnyamata wa malo otsukira magalimoto, amene anthu amamutcha Magalasi chifukwa magalasi akuda sachoka kumaso kwake ngakhale kukugwa mvula. Nsalu za mipando ya Chinjoka ndinasoka ndine, ndipo akabwera kushopu ankanditcha amayi a manja agolide. Ndinkangoseka. Mbiri yake ndinkaidziwa: akatsitsa mkazi m'galimoto, amamutsanzika ndi lawi la moto.

Tsiku lina masana ndinatuluka kukagula ulusi ndi mazipi. Ndikudutsa kanjira ka kuseri kwa mashopu, ndinaona Chinjoka chitaima. Pambali pake panali Magalasi, akuseka ndi mtsikana wovala bulauzi yachikasu. Bulauziyo ndinaidziwa, popeza mabatani ake ndinasokerera ndine. Anali Kasipanala, pa nthawi imene amayenera kukhala ali m'kalasi.

Lole ya zakumwa inadutsa n'kunditchinga, ndipo itapita onse awiri anali atalowa kale, zitseko atatseka, injini ikubangula. Ndinataya ulusi n'kuthamanga. Ndinafika kumbuyo kwa galimotoyo n'kuyamba kumenya buti ndi manja onse awiri.

"Kasipanala! Tsika! Ndati tsika!"

Akanandimva ndani ndi phokoso limenelo? Ndinangomva phuu! mwendo wanga n'kukhala ngati wathiridwa mafuta owira. Ndinagwa chagada. Siketi yanga inali ya nsalu yoterera ija imasungunuka, ndiye inandikanirira pakhungu. Chinjoka chinaliyatsa liwiro n'kukhota pakona, osadziwa n'komwe kuti chasiya munthu pansi.

Mayi wina wogulitsa zipatso anandithira madzi n'kundiperekeza kuchipatala. Akundimanga bandeji, ine sindinkaganiza za ululu. M'maso mwanga munangodzaza chitsulo chomasulira matayala chija, chili m'manja mwa amuna anga.

3

Kasipanala anafika kunyumba bambo ake asanaweruke. Anandipeza ndakhala pabalaza, mwendo nditauyika pa kampando.

"Amayi, mwatani?"

"Kafunse Chinjoka chako."

Chikwama chinamupulumuka m'manja. "Munali kumbuyo? Amayi, munali kumbuyo kwa galimoto?"

Anagwada pafupi ndi mwendo wanga n'kuyamba kulira mosisima. Ndinadabwa, chifukwa mwana ameneyu si wamisozi. Ali wamng'ono jeke inamupana chala, iye anangoluma mlomo.

"Amayi, si zimene mukuganiza. Ine ndi Magalasi..."

"Tseka pakamwa! Atsikana onse amayamba ndi mawu omwewo. Si zimene mukuganiza, si zimene mukuganiza, mawa lake tikukusokera madiresi otakasuka pamimba."

Ndikanamulola kuti amalize zimene ankafuna kunena, bwenzi nkhani ino palibe. Koma pakamwa panga pamathamanga kuposa makina anga.

"Chonde musawauze adadi," anatero akupukuta misozi. "Kumapeto kwa mwezi kuli chionetsero cha magalimoto. Chikangotha ndidzawauza zonse ndekha. Ndikulonjeza."

Ndinamugwira dzanja kuti ndimukalipirenso, ndipo ndinaona kuti m'zikhadabo mwake muli zakuda.

"Ndi manja a mtsikana wa pakoleji amenewa? Pita ukasambe."

Amuna anga atafika ndinawauza kuti ayironi inagwa patebulo n'kundiotcha. Anandimvera chisoni, mpaka anandifululira tiyi, zimene sanachitepo chikwatiranireni. Koma m'mawa mwake anandipeza ndikusintha bandeji. Anawerama n'kuyang'anitsitsa, monga amayang'anira injini yomwe ikuwanamiza.

"Ayironi imodzi, mabala awiri?"

"Inagwa n'kudumpha," ndinayankha msangamsanga.

Anangogwedeza mutu n'kunyamuka.

4

Telala sataya nsalu. Ndi matenda athu amenewo, ndipo alibe mankhwala. Siketi yopsa ija ndinapita nayo kushopu, ndinadula mbali yabwino kuti ndidzapangire matumba a mathalauza, ndipo mpendero wopsawo ndinauponya m'thumba la zidutswa kuseri kwa chitseko. Dzanja linachita lokha, mutu uli kwina. Sindinakumbukire n'komwe kuti thumba limenelo likadzaza amalitenga ndi amuna anga, kuti azikapukutira manja kugalaja.

Loweruka lotsatira analitengadi.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa bata loopsa. Amuna anga akakwiya amabangula, amamenya tebulo, kenako zatha. Ulendo uno ankangoti phee. Ankadya osadzutsa mutu. Foni yanga ikalira ankasiya kutafuna. Mafunso awo anali aulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkandichititsa nthumanzi.

"Mnyamata wa Chinjoka uja amabwerabe kushopu?"

"Abwere kudzatani? Mipando yake ndinamaliza kalekale."

"Ndimangofunsa."

Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkaganiza kuti anunkhiza za mwana. Ndikakhala ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira ndinkafuna kuyenda, ndikayenda mwendo n'kundikumbutsa kuti ndikhale. Ndinasoka zipi chozondoka pa diresi la mkwatibwi, ine amene ndimasoka zipi ndikucheza. Galimoto iliyonse yaphokoso ikadutsa ndinkathamangira pawindo, singano ili pakamwa.

Chondisokoneza chinali chakuti kwa Kasipanala bambo ake anali okoma kuposa kale. Ankamugulira timabisiketi ngati mwana wa kumkaka. Tsiku lina ndinawamva akumuuza kukhitchini kuti, "Iwe ndiwe wanga, zivute zitani m'nyumba muno."

Mtima unakhala m'malo, chitsiru ine. Ndinati ndiye kuti za mwana sakudziwa.

5

Ndinaganiza zothetsa nkhaniyo ndekha. Masana ena ndinatseka shopu n'kutsimphina mpaka kumalo otsukira magalimoto. Magalasi anandilowetsa mu kaofesi kake n'kutseka chitseko chifukwa cha phokoso la madzi ndi wailesi.

"Umusiye mwana wanga," ndinatero ndisanakhale n'komwe.

Anavula magalasi aja. Kanali koyamba kuona maso ake, ndipo anali maso a kamwana kamantha.

"Amayi, za mwendo wanu ndinamva, ndipo ndikupepesa kwambiri. Koma mwana wanu ine sindikumufuna mwa njira imeneyo. Chibwenzi ndili nacho kale."

"Ndiye wangayu ndi wachiwiri? Wongoseweretsa?"

"Ayi, amayi! Ndinalumbira kuti sindinena. Mufunseni yekha, akuuzani."

"Andiuze chiyani? Kuti mumakawerengera limodzi mabuku m'galimoto ya mawindo akuda?"

Ndinamulalatira mpaka kukhosi kunauma. Iye ankangoti pepani amayi, pepani amayi. Potuluka, pansi panali thovu lokhalokha, ndiye anandigwira mkono kuti ndisaterereke, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Tsidya lina la msewu panaima wogulitsa masipeyala, mnzawo wa amuna anga, munthu amene nkhani sigona m'kamwa mwake. Anandipatsa moni wautali akumwetulira, maso ali pa dzanja la Magalasi.

Kasipanala sindinamufunse. Ndinali nditadziwa kale zonse, kapena ndi mmene ndinkaganizira.

6

Chionetsero chitayandikira, Magalasi anapita ndi Chinjoka kugalaja kuti amuna anga achiunike. Nditachiona chikudutsa pashopu ndinasiya diresi pamakina n'kuchitsatira, ndikuopa kuti lero pakhetsedwa magazi. Ndinawapeza awiriwo akuseka.

"Amisiri, ndikufuna moto woti anthu akaukumbukire," ankatero Magalasi.

"Usadandaule, mphwanga. Tauni yonse idzaukumbukira. Isiye pano, udzaitenge m'mawa wa tsikulo."

Atandiona pageti, amuna anga anapukuta manja pang'onopang'ono ndi kansalu.

"Mwabwera kudzaona kasitomala wanu, mayi?"

"Ndimangodutsa."

"Dutsani bwino. Pali ayironi zambiri m'misewu muno."

Magalasi anaseka osadziwa chimene akusekera. Ine ndinasekako pang'ono modzikakamiza. Tsiku limenelo amuna anga anabwera kunyumba akuimba likhweru, munthu amene anatha milungu osamwetulira. Anadya n'kupempha china. Ndikanakhala wanzeru, likhweru limenelo likanandiopsa kuposa kukhala chete kuja.

7

M'mawa wa chionetsero Kasipanala anavala jinzi ndi nsapato zamasewera, n'kunena kuti akupita kukawerenga kwa mnzake. Anakumbatira bambo ake kwa nthawi yaitali. Ine ndinadziwa kumene akupita. Pa zionetsero zimenezi oyendetsa amakweza zibwenzi zawo pampando wakutsogolo kuti anthu aziwaona, ndipo aliyense m'tauni amadziwa zimenezo. Ndinangomuponyera diso laukali, iye n'kutuluka.

Masana ndinawatengera amuna anga chakudya kugalaja. Geti linali lotseka theka. Ndinawapeza atakhala pa tayala, manja ali oyera, akungoyang'ana khoma. Poika chakudya pabenchi, phazi langa linagunda chitsulo. Ndinawerama. Chinali chopyapyala, chodetsedwa ndi mwaye, chokhala ndi mipata iwiri yodutsa mapaipi, ndipo m'mbali mwake munali penti yobiriwira.

"Bambo, ichi si chishango cha Chinjoka?"

"Ndi chomwecho."

"Mwaikapo chatsopano?"

"Ayi."

"Nanga galimotoyo yatuluka bwanji pageti panu?"

Anapisa dzanja m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kansalu. Anakatambasula pabondo mosamala. Unali mpendero wa siketi yanga, mabowo awiri opsa akuoneka poyera.

"Ayironi yanu imanunkha petulo, mayi," anatero motsitsa mawu. "Imaotchanso pawiri, motalikirana ndendende ngati mapaipi amene ndinawotcherera ndi manja angawa. Ndimadziwa mmene mnyamata ameneyu amatsanzikira akazi ake. Ndiye ndikumva kuti mumadzitsekera naye mu ofesi, potuluka atakugwirani mkono. Mwana woti mukhoza kumubereka!"

Masiku onsewa ndinkaopa kuti akukayikira mwana, pamene ankakayikira ine.

"Chishango ndachotsa," anapitiriza. "Mafuta ndawonjezera. Akangodina batani kangapo, bampa igwira moto pamaso pa anthu onse. Amve nayenso mmene kupsa kumawawira."

"Si ine!" ndinakuwa. "Bambo, si ine! Ndi Kasipanala! Ndinapsa pothamangitsa mwana wanu, ndiye amakwera galimoto imeneyo, ndipo pano ali komweko!"

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikugwa chonchija. Kansalu kaja kanatsetsereka pabondo. Kenako anadumpha, anazula chozimitsira moto pakhoma, n'kuthamangira ku kapikiapu kawo. Ndinakwera kakuyenda kale.

Njira yonse ndinkaimba foni. Ya Kasipanala inali yozima. Ya Magalasi inkangoitana osayankhidwa. Amuna anga ankaliza hutala osalekeza, akubwereza mawu amodzimodzi ngati pemphero: "Asadine, asadine, asadine."

8

Chionetserocho chinali pa bwalo lalikulu loimikapo magalimoto, atalizunguliza ndi zingwe. Utsi wa matayala unali tolo, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa. Tinasiya kapikiapu pakati pa msewu, zitseko zili pululu, n'kuyamba kukankha anthu.

Chinjoka chinali kale m'bwalo. Chinkazungulira pamalo amodzi, matayala akulira, kenako n'kutsetsereka cham'mbali mpaka kutsala pang'ono kukhudza chingwe, anthu n'kukuwa. Khamu lonse linayamba kuimba mawu amodzi: "Moto! Moto! Moto!"

Ndipo pafupi ndi chingwe ndinaona Magalasi. Anaima panja pa bwalo, akuomba m'manja, mtsikana wina wamtali atamukoleka mkono.

Ndinamukoka malaya. "Iwe uli pano? Nanga akuyendetsa ndani?"

"Amayi, mwabwera!" anakuwa mosangalala. "Taonani mwana wanu! M'tauni muno mulibe mwamuna woyendetsa ngati iyeyu. Ine ndimangomubwereka galimoto, katswiri ndi iyeyo!"

Zonse zinandigwera nthawi imodzi. Zikhadabo zakuda zija. Mawu aja ndinamudula pakamwa. Kulira kuja atagwada pa mwendo wanga. Tsiku lija kuseri kwa mashopu, amene anali pa chiwongolero n'kudina batani anali mwana wanga yemwe.

Chinjoka chinaima pakati pa bwalo, kumbuyo kutaloza kwa anthu. Imeneyo ndiyo nthawi ya moto. Injini inayamba kubangula, kukwera, kukwererabe.

Amuna anga analumpha chingwe. Alonda awiri anayesa kuwagwira koma anawapulumuka. Anathamanga akukuwa dzina la mwana wawo, anapunthwa, anadzuka, n'kukagwada kumbuyo kwenikweni kwa galimotoyo, pamalo pomwe ine ndinapsera, chozimitsira moto atachiloza ku bampa. Nkhope yawo inali moyang'anizana ndi mapaipi awiri aja. Ine ndinatseka maso.

Injini inabangula komaliza, kenako inazima.

Moto sunatuluke.

Anthu anayamba kuwowoza ndi kuponya mabotolo apulasitiki. Chitseko cha woyendetsa chinatseguka. Anatuluka munthu wamng'ono thupi, n'kuvula chisoti chotetezera mutu. Anali Kasipanala, thukuta lili kamukamu. M'dzanja lake munali kachidutswa ka waya.

Anayenda mpaka pamene panagwada bambo ake. Ine ndinali nditafika pafupi, ndiye ndinamva mawu aliwonse.

"Ndinagwada kaye, adadi. Munandiphunzitsa ndinu."

Analoza pansi pa bampa n'kupitiriza.

"Mabauti a chishango ndi ongomasulidwa kumene, mabowo ake akuwala. Ndiye ndinazula waya wa batani ndisanalize." Anawaikira wayayo m'manja. "Ndimafuna lero mudzamve kuti mwana wanu amatha. Ndimati mukamva mudzandilola kubwerera kugalaja. Koma inu simuiwala chishango, adadi. Simunaiwalepo. Ndiye mumafuna apse ndani?"

Amuna anga anagwetsa nkhope pansi n'kuyamba kulira pamaso pa tauni yonse.

9

Kasipanala sanabwererenso kunyumba. Koleji anasiya, ndipo anapeza kachipinda kake pafupi ndi malo a Magalasi. Kumeneko anamupatsa kashedi, ndipo anyamata onse ofuna moto amapita kwa iye tsopano. Akuti galimoto yopanda chishango situluka pageti pake. Ine amandiimbira, amabweranso kushopu kudzandipaka mafuta pa zipsera ngakhale zinapola kalekale. Ndinamuuza kuti ndinamukhululukira, ndipo nanenso ndinamupepesa pomutseka pakamwa. Za bambo ake safuna kumva. Amati munthu amene angachite zimenezo kwa mwana wa eni ake, iye samudziwa.

Amuna anga anasiya kuika moto pa magalimoto. Anabwerera ku mabuleki ndi maekizozi obooka. Chishango cha Chinjoka chikadali pansi pa benchi, sachitaya komanso sachikhudza. Anandipepesa atagwada, anati nsanje inawachititsa khungu, anati ankangofuna kuti ipse bampa basi, osati munthu. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinawafunsa funso limodzi lokha.

"Bambo, inu mumakhulupirira kuti chibwenzi cha Magalasi ndine. Mukudziwanso amene amakhala pampando wakutsogolo pa zionetsero. Pamene munkamasula mabauti aja, munkaganiza kuti pampandopo pakhala ndani?"

Mpaka lero sanandiyankhe.

Abale anga owerenga, ine ndinanama kuti nditeteze banja langa. Ndinkati ndikakhala pakati pa bambo ndi mwana, ndikumeza ichi, kubisa icho, ndiye kuti nyumba iima. Sindinadziwe kuti ukamubisira mnzako chinthu, iye sakhala osaganiza. Amadzipangira nkhani yake m'mutu, yoipa kuposa imene wabisayo, ndipo amaikhulupirira. Nanenso ndinadzipangira yanga ya mwana wanga, iye ali pomwepo akupempha kuti ndimumvere. Ngati mwana wanu akuti si zimene mukuganiza, chonde mulekeni amalize.

Anzanga ena akuti ndichoke, ena akuti ndipirire popeza pa chionetsero paja palibe amene anapsa. Ine sindinasankhebe, ndipo mtima wanga sunakhale pansi. Ndimawaphikirabe, ndimawatengera chakudya kugalaja, ndipo thumba la zidutswa likadzaza amabwerabe kudzalitenga. Lamlungu amanditsegulira chitseko cha kapikiapu mwaulemu, zimene kale sankachita. Ndimaima pamenepo ndi siketi yanga yaitali, chikwama chili m'manja, iwo akundidikira. Ndipo nthawi zonse, ndisanakwere, mawondo anga amafuna kugwada kaye kuti ndione pansi pake.